Ndinatsitsa mtengo mpaka mpando unatsika nawo

Ndalama zomwe ndinagulira galimoto zinali za malata. Ndinene zimenezi poyambirira, chifukwa mayi a kunyumba akamafotokoza nkhaniyi amayambira pomwepa, ndipo ine ndikayambira pena amandidula pakamwa. Chipeleganyu chathu cha Amalawi a ku Nottingham, kuno ku England, chinali chitafika pa ine, nyumba yathu ya ku Lunzu itaima pa linta kudikira denga.

Kunyumba yosamalirako okalamba komwe ndimagwira ntchito kunali agogo ena aamuna omwe ankaiwala dzina langa tsiku lililonse, koma galimoto yawo sankaiiwala. Pakhoma anali atapachika chithunzi chake: MGB yofiira, ya mipando iwiri, denga la tenti lopindira kumbuyo. Ndikamawameta ndevu iwo ankandiphunzitsa. Akuti ankazipanga ku Abingdon, kufupi ndi Oxford, kuyambira 1962 mpaka fakitale itatsekedwa mu 1980, ndipo zinatuluka zoposa 500,000. Injini ya 1798cc, makabuleta awiri, liwiro kungopitirira pang'ono mamailosi 100 pa ola. Ndipo sipeya zake, ankatero atagwira dzanja langa lomwe lili ndi lezala, zikupezekabe mpaka kabawuti kotsiriza. Zimenezi ukamazimva m'mawa uliwonse zimakulowa m'magazi.

Musaganize kuti ndinangothamangira. Ndinagula kope, n'kuyamba kuwerenga usiku pa intaneti matenda onse a galimotoyi. Vuto lililonse ndinkalilemba kumanzere, mtengo wokonzetsera kumanja. Pamwamba penipeni ndinalemba ndi zilembo zazikulu: DZIMBIRI. Kuno nyengo yozizira amathira mchere m'misewu kuti madzi asaundane, ndipo mcherewo umadya chitsulo. Tsono MGB ilibe chasisi chapadera chimene bodi imakhalapo. Bodi yomweyo ndiyo mafupa ake, ndipo chimene chimagwirizanitsa kutsogolo ndi kumbuyo ndi mitanda iwiri ya m'munsi mwa zitseko, imene amakanika kuno amati sill. Mtanda uliwonse ndi zitsulo zingapo zowotchereredwa pamodzi, ndipo umayamba kuola m'kati, kunja kukuwala. Pa galimoto ya tenti, yopanda denga lachitsulo loti ligwirizize, mitandayo ikatha galimoto imapindika pakati. Njira yoyezera ndinaidziwa: maginito, chifukwa sagwira pamene amata fila, sikuludiraiva yobayira pansi, ndi kuyang'ana mpata wa zitseko ngati uli wofanana pamwamba ndi pansi. Zonsezi ndinkazidziwa. Ndikufuna muzikumbukire.

Yomwe ndinaipeza inali ya 1968, m'kamudzi kena kufupi ndi Matlock ku Derbyshire. Mwini wake ankafuna £7,500. Chimene chinandikomera kwambiri n'chakuti galimoto yopitirira zaka 40 kuno siikakamizidwa kupita ku MOT, kuyezedwa kwa chaka ndi chaka kuja, ndipo msonkho wa pamsewu sulipira ukailembetsa ngati yakale. M'kope ndinalemba zimenezi kumbali ya phindu. Zoti kusapita ku MOT kukutanthauza kuti papita zaka palibe munthu wa ntchito yake amene anagonapo pansi pake ndi tochi, sizinandifikire.

Mayi ndinawauza kuti ndikukangoona. Anayang'ana suti yomwe ndinavala, ya ku tchalitchi ija, n'kufunsa kuti, "Kodi bambo, kukangoona amavalira tayi?" Ndinati munthu ukafuna kuti akulemekeze pa malonda uzioneka wa ndalama. Maginito ndinachotsa pa fuliji, kaja kogwirizira kalendala.

Mwini galimoto anali mzungu wachikulire, waulemu kwambiri, wa juzi yobooka m'zigongono. Galimoto anali ataiimika pa kapinga wamtali, wonyowa, mbali imodzi itatsamira mpanda wa maluwa. Abale anga, inali yokongola. Mabampala a kromu akuwala, osati apulasitiki akuda aja anayamba kuikidwa mu 1974 chifukwa cha malamulo a ku America. Mtima unagula pomwepo, kope lisanatuluke m'thumba.

Ndinaimbira alamu anga pa WhatsApp kuti azionera limodzi. Alamu ndi makanika ku Biwi ku Lilongwe, ndipo Toyota iliyonse amaidziwa ndi khutu lokha. Atangoiona anati, "Alamu, imeneyi ndi galimoto kapena ndi nsapato?" Ndinatsitsa voliyumu.

Ndinayamba ndi boneti. Ndinaikapo maginito, n'kutsetsereka, gwa pa kapinga. Ndinayesa pena, gwa. Ndinawongola tayi, n'kuuza bamboyo mwaulemu kuti boneti yake yonse ndi fila, galimotoyi inachitapo ngozi yaikulu, ndipo ndichotsapo £500. Anamwetulira, n'kunena kuti MGB za zaka zimenezo boneti yake ndi ya aluminiyamu, maginito sangagwire ngakhale itangotuluka kumene m'fakitale. Ndinati inde, ndimangofuna kuona ngati akudziwa.

Titatsegula boneti alamu anakuwa pa foni: "Batire! Alamu, batire mulibe! Akuberani musanagule!" Ndinayang'ana uku ndi uku, zoonadi mulibe. Ndinatulutsa cholembera. Bamboyo sanayankhule, anangopinda mpando, n'kuvundukula kapeti kumbuyo kwake, n'kutsegula kachitseko. Mabatire awiri a mavoti 6 lililonse ali phee, pamalo pomwe anawaika a ku Abingdon. Alamu anati azungu ndi anthu oopsa, kubisa batire pansi pa matako a munthu.

Apa tsono manyazi anali atandigwira kale kawiri, ndipo mkazi wa bamboyo anatulukira ndi thileyi: tiyi, ndi keke ya mandimu yotenthera. Ndinafika pa mitanda ija kapu ili m'dzanja. Inali yopakidwa phula lakuda, lokhuthala, latsopano. Ndinawerama pang'ono, osagwada, chifukwa thalauza la suti ndi kapinga wonyowa sizigwirizana. Ndinaikapo maginito. Gwa.

Ndinaganiza mofulumira, monga munthu amene waphunzirapo kanthu lero. Ndinadzuka, n'kugwedeza mutu mwaukatswiri, n'kunena kuti, "Aluminiyamu uyunso." Bamboyo anapsontha tiyi wake, n'kuyang'ana kumapiri. Sananame. Ndimamuikira umboni mpaka lero kuti pakamwa pake sipanatuluke bodza ngakhale limodzi.

Sikuludiraiva inali m'thumba la jekete, ikundibaya m'nthiti. Koma tandiuzani, inu munaleredwa bwino: ungabaye bwanji galimoto ya munthu keke ya mkazi wake ili m'kamwa? Mbali ya ku mpanda ija sindinapiteko n'komwe, maluwa ake anali aminga. Alamu pa foni anayamba kuti, "Alamu, kumbukirani, chikomekome cha mkuyu," netiweki ya ku Biwi n'kuduka.

Zolakwika zenizeni zing'onozing'ono ndiye ndinazipeza zambiri, ndipo chilichonse chinkandisangalatsa. Oilo akudontha pansi pa injini: £300. Matayala a mano abwinobwino koma ong'ambikang'ambika m'mbali chifukwa cha ukalamba: £250. Tenti yong'ambika pakona, pulasitiki wa zenera la kumbuyo wachita chikasu: £400. Giya yachiwiri ikulira polowa. Hita sikugwira. Kope linkadzaza, ine mtima ukukwera, chifukwa m'masamu anga vuto lililonse linali ndalama yolowa m'thumba mwanga. Injini yokha inalira bwino zedi, singano ya oilo itaima pabwino, utsi wabuluu palibe, pansi pa chitsekerero cha oilo palibe phala loyera lija losonyeza kuti madzi akusakanikirana ndi oilo. Ndinadziyamikira kuti ndayeza mwakuya. Chonsecho pa galimoto imeneyi injini ndiye chinthu chosavuta kukonza.

Kutsitsa mtengo ndinakuphunzirira mumsika wa Limbe, ndipo malamulo ake ndi odziwika. Iwe umatchula mtengo wachipongwe, wogulitsa amagwira pamtima n'kunena kuti ana ake adya chiyani, iwe umayamba kuchoka, iye amakuitana, mumakumana pakati. Ndinakonza zoti titsirizire pa £6,500. Ndinapuma mozama, n'kunena kuti, "£5,500."

"Chabwino," anatero, dzanja atatambasula kale.

Sanagwire pamtima. Sanatchule ana. Mkazi wake anali atatulutsa kale V5C, chikalata cha boma cholembetsera galimoto chija, ndi cholembera chotsegula. Pa kapepala ka risiti analemba kuti ndagula monga ndaionera. Ku Limbe wogulitsa akavomera msanga chotere umabweza katunduyo n'kuthawa, koma ine ndinaganiza kuti azungu sadziwa malonda. Ndinamumvera chisoni pang'ono. Ndinalipira inshuwalansi pa foni pomwepo, ndipo anandikulungira keke yotsala.

Kuchoka ku Matlock kutsika ndi msewu wa A6, m'mbali mwa mtsinje wa Derwent, ndinali mfumu. Tenti nditapinda, tayi ikuuluka, okwera njinga zamoto odzaza ku Matlock Bath akundikwezera chala. Ku Ambergate ndinakhotera mu A610, mvula n'kuyamba. Ndinaima kukweza tenti, ntchito yomwe inanditengera nthawi yokwanira kuti suti inyowe yonse. Nditalowanso ndinaona kuti madzi akuchokera mbali ziwiri. A kumwamba ndinkawayembekezera. Koma ena ankachokera pansi: ndikaponda chithaphwi kapeti inkafufuma, madzi n'kulowa m'sokosi.

Kenako, m'tauni ina ya m'njiramo, ndinakwera hampu. Sindinkathamanga. Kunamveka kuti khotcho, ndipo dziko linakwera. Dashibodi yomwe inali pachifuwa inafika pamphuno. Msewu ndinkauonera m'kati mwa chiwongolero. Mpando unali utaboola pansi mbali ya kuchitseko, ine nditapendekeka, bondo lili kukhutu, thako likumva mphepo ya Derbyshire.

Ndinaimika pambali bwinobwino, mabuleki ankagwira ndithu. Kukoka chitseko, sichikutseguka. Kukwawira cha uko, nachonso chakana. Galimoto inali itapindika pakati, zitseko zitapanikizika, ndendende monga ndinalembera pa tsamba loyamba la kope. Njira yotulukira inali imodzi: kumasula tenti m'mvula momwemo, n'kukwera pamwamba pa chitseko. Mwamuna wa mimba yake, wa suti, mwendo umodzi kunja wina m'kati, thalauza n'kung'ambika pamsoko wa kumbuyo kuyambira pa lamba. Pafupi panali pokwerera basi, ana a sukulu ali mbwee, aliyense foni m'mwamba. Gogo wina wa ambulera anandiyandikira n'kunena kuti galimoto yokongola bwanji, mwamuna wake anali nayo yotere. Ndinathokoza, jekete nditamanga m'chiuno.

Mnyamata wa lole yonyamula magalimoto owonongeka anagwada pansi, pa phula lonyowalo, n'kubaya mtanda uja ndi chala. Chala, osati sikuludiraiva. Chinalowa chonse. Anasolola nyuzipepala yakale yokulungakulunga ndi kawaya ka khola la nkhuku, zimene munthu wina, mwina kalekale bambo uja asanaigule, anatsekera bowo asanamate fila. Anandifunsa ngati ndinayesako maginito. Ndinati ndinayesa.

Tinafika kunyumba madzulo, ine ndili kutsogolo kwa lole, MGB ili pamsana. Mayi anaima pakhomo manja ali m'chiuno. Sanakuwe, ndipo ndikanakonda akanakuwa. Anaizungulira kamodzi, n'kusuzumira m'kati, n'kuona msewu kudzera pansi pa mpando.

"Bambo, malata aja ndi amenewa?"

Ndinati ndatsitsa £2,000 yathunthu.

"Mwachita bwino. Nanga denga lakenso ndi la nsalu? Ndiye kuti tili ndi nyumba yopanda denga ku Lunzu, ndi galimoto yopanda pansi ku Nottingham." Anatenga keke ija m'manja mwanga, n'kulowa nayo m'nyumba.

Wowotcherera yemwe anabwera kudzaiona anayenda mozungulira akuimba mluzu, ndipo mluzu wa makanika ndi chilankhulo chimodzi dziko lonse. Anati mitanda yonse iwiri, pansi ponse, ndi pomwe pamagwira masipuling'i a kumbuyo, zonse n'zodula n'kuika zatsopano, ndipo kuti afike pa mitandayo ayenera kudulanso m'munsi mwa mapiko, zitsulo za bodi zophimba matayala zija, kenako penti. Mtengo womwe anatchula unameza £2,000 yanga ija kawiri, n'kutsalabe ndi njala. Anandiuzanso, ngati akunditonthoza, kuti ku Witney kuli kampani ya British Motor Heritage yomwe imapangabe bodi yatsopano ya MGB ndi zipangizo zakale za fakitale. Nditafunsa mtengo wake ndinapeza kuti ukuposa pomwe ndinagulira galimoto yonse ndi keke yomwe. Alamu akuti ndingoitumiza pa kontena, anyamata a ku Biwi aiwotcherera ndi zitseko za minibasi Loweruka limodzi, ndipo batire aibwezeretsa kutsogolo komwe Mulungu anafuna.

Agogo a kuntchito aja ndinawauza kuti ndagula MGB. Anasangalala mpaka misozi, n'kundigwira dzanja, n'kunena kuti chachikulu ndiyang'ane mitanda ya pansi pa zitseko ndisanapereke ndalama. Mawa lake anandiuzanso zomwezo.

Pano ndaiika pa malonda. Ndalemba zoona zokhazokha: injini yabwino, boneti ya aluminiyamu, mabatire alipo, bodi ikufuna munthu wopirira. Wina waimba kuti abwera Loweruka, ndipo wafunsa ngati ndingalole kuti abwere ndi maginito. Mayi atamva anafunsa kuti afika nthawi yanji.

"Bwanji?" ndinatero.

"Ndiyambiretu kukanda fulawa. Inu mukaimike pa kapinga."