Ma hard drive anga tsopano amagona usiku

Pansi pa tebulo kuchipinda kwanga pali kompyuta yakale imene ndinaisandutsa seva, yosungira mafayilo amene makina ena a m'nyumba amatengako. Muli ma hard drive anayi akuluakulu aja a mainchesi 3.5, ndipo m'menemo ndi mmene ndimasunga zithunzi ndi makanema a maukwati ndi zinkhoswe zimene ndakhala ndikujambula. Mkwatibwi akandiimbira patapita zaka zitatu kuti flashi yake inasowa, zonse ndimakazipeza momwemo. N'chifukwa chake kabokosi kameneka ndimakasamala ngati khanda.

Nkhani inayambira pa mayunitsi. Drive imodzi ikamangozungulira, osawerenga kanthu, imadya mawati pafupifupi 5. Anayi ndiye mawati 20, usana ndi usiku, ndipo pakutha pa mwezi mayunitsi 14 apita popanda amene watsegulapo fayilo. Magetsi akazima, mawati omwewo amayamwa batire la invata limene ana amadalira powerenga madzulo. Pomwe drive yogona, imene yasiya kuzungulira, sidya ngakhale wati imodzi yathunthu.

Ndiye ndinatsegula hdparm, pulogalamu yolamulira ma drive, pa Debian (mtundu wa Linux umene umayendetsa sevayi) n'kulemba -S 12. -S imauza drive nthawi yodikira isanagone ikakhala yopanda ntchito. Manambala a -S amafuna kuwadekhera. Kuyambira 1 mpaka 240, nambala iliyonse ikuimira masekondi 5, ndiye 12 ndi mphindi imodzi. Kuyambira 241 mpaka 251 amawerenga theka la ola: 241 ndi mphindi 30, 242 ndi ola lathunthu. Ine ndinasankha mphindi imodzi poganiza kuti kugona msanga ndiko kupulumutsa ndalama zambiri.

Usiku umenewo sindinagone bwino. Kukhala zii pang'ono, kenako kumveka tsiii, injini ikukoka mphamvu, kenako kha, kamkono kowerenga kakuchoka pamalo pake. Osakhalitsa zii, kenako tsiii kachiwiri. Drive imavutika kwambiri podzuka, chifukwa ndi pamene imakoka magetsi ochuluka kuti mbale zake zam'kati zosungira mafayilo zifike pa liwiro la maulendo 5400 kapena 7200 pa mphindi. Kutacha ndinayang'ana pa smartctl, pulogalamu yoonetsa thanzi la drive. Mzere wa 4, Start_Stop_Count, umawerenga kudzuka kulikonse. Mzere wa 193, Load_Cycle_Count, umawerenga kangati kamkono kaja kaimikidwa pambali n'kubwereranso, ndipo opanga ambiri amalemba malire a 300,000 kapena 600,000. Manambala onse awiri anali akukwera ndikuona. Mtima unandipweteka, poti ndinali kupulumutsa mayunitsi ochepa kwinaku ndikukalambitsa ma drive osunga ntchito yanga yonse.

Ntchito yeniyeni inali kufufuza chimene chikuwadzutsa, ndipo inanditengera sabata. Choyamba ndinapeza smartd, pulogalamu yolondera thanzi lawo, imene imayendera ma drive mphindi 30 zilizonse. Polemba mizere yanga mu smartd.conf, fayilo ya malamulo ake, ndinaiwala kuika mawu akuti -n standby, amene amaiuza kuti ikapeza drive yagona isaigwedeze. Chachiwiri chinali pulogalamu yotumiza makanema ku TV ya pabalaza, imene inkangosanthula mafoda kufuna zatsopano. Ndinaiuza kuti izichita zimenezo kamodzi patsiku, madzulo, nthawi imene ndimakhala ndikukopera ntchito ya tsikulo. Debian yeniyeniyo ndi ma log ake, mafayilo amene imalembamo zochitika, ndinazisamutsira pa SSD yaing'ono, drive yopanda zozungulira, ndipo mu fstab, fayilo ya malamulo a ma drive, ndinawonjezera noatime kuti isamalembe pa drive nthawi imene fayilo yawerengedwa.

Drive imodzi inapitirizabe kuimika kamkono kake pafupipafupi ngakhale ili maso. Imeneyo inafuna -B ya hdparm, imene imalamulira mmene drive imadzipulumutsira magetsi yokha. Pamenepo 1 mpaka 127 amalola drive kudzigoneka yokha, 128 mpaka 254 salola. Nditaika 254, mzere wa 193 unadekha, ndipo -S inapitiriza kugwira ntchito yake.

Chimodzi chimene anzanga ojambula muyenera kuchidziwa: zimene mwalemba pa hdparm zimafufutika magetsi akazima. Kwathu kuno zimenezo si zachilendo, ndiye zilembeni mu /etc/hdparm.conf kuti seva ikayaka izizipeza. Drive ya pa USB imene ndimasungako kope lachiwiri sinamvere hdparm n'komwe, inamvera pulogalamu ina yogonetsa ma drive, hd-idle.

Pano onse anayi ali pa -S 242. Masana ndikamakonza zithunzi sagona, chifukwa ola silitha ndisanatsegule kanthu. Usiku amagona kamodzi mpaka m'mawa. Ndisanazimitse nyale ndimalemba hdparm -C, imene imafunsa popanda kudzutsa, ndipo ikayankha kuti standby ndimakagona. M'mawa foda yoyamba imachedwa kutseguka ndi masekondi ngati khumi, ndipo nthawi imeneyo ndimakhala ndikuthira tiyi m'kapu.