Zimene zithunzi za m'sutikesi zinaulula za nyumba yathu ya ku Ndirande

M'banja mwathu tonse tinakula tikumva kuti nyumba ya agogo aamuna ku Ndirande, cha ku Goliyo, inamangidwa m'chaka cha ufulu, 1964, ndiponso kuti inamangidwa yonse nthawi imodzi ndi ndalama zimene agogowo anabwera nazo kuchokera ku migodi ya ku Joni. Nkhaniyi inkabwerezedwa pamaliro ndi pazinkhoswe mpaka inafika poti mwana sangayerekeze kuitsutsa. Ine ndinayamba kuikayikira dzinja lapitali, pamene denga linayamba kudontha ndipo tinakakamizika kutulutsa katundu m'chipinda cha malemu agogo aakazi. Pansi pa bedi panali sutikesi yachitsulo ya dzimbiri, ndipo m'kati mwake, pakati pa makadi akale a chipani ndi ziphaso za msonkho, munali mulu wa zithunzi zokulungidwa m'chitenje.

Zambiri mwa zithunzizo zinajambulidwa m'situdiyo za m'tauni, ndipo ngakhale zili zokongola, sizinandithandize kanthu, chifukwa kumbuyo kwa anthu kuli chinsalu ndi maluwa apulasitiki basi. Zimene zinandigwira mtima ndi zija ankajambula ojambula oyendayenda panjinga Lamulungu masana, zimene abale anga ankaziona ngati zolakwika chifukwa wina anatsinzina kapena mutu wake unadulidwa. M'zithunzi zoterezi nyumba imaoneka kumbuyo kwa anthu mosakonzekera, monga momwe inalili tsikulo.

Chithunzi chakale kuposa zonse chikuonetsa agogo aakazi atabereka mwana, ataima pakhomo pa nyumba ya zidina yofolera udzu, yokhala ndi zenera limodzi lathabwa. Kuseri kwake kuli chidindo cha wojambula cholembedwa kuti Blantyre, Nyasaland. Chidindo chokha si umboni wokwanira, popeza munthu wosauka sataya chidindo chake tsiku limene dziko lasintha dzina, ndipo akanatha kuchigwiritsa ntchito ngakhale pambuyo pa 6 July 1964. Umboni weniweni ndi mwana ali kumbuyoyo. Azakhali anga, amene ndi oyamba kubadwa, anadzizindikira okha, ndipo aliyense pabanja pathu amadziwa kuti agogo anali oyembekezera azakhaliwo pamene boma la atsamunda linalengeza za nthawi yangozi pa 3 March 1959 ndi kuyamba kumanga atsogoleri a chipani cha Nyasaland African Congress. Motero chithunzicho ndi cha chaka cha 1960 kapena chapafupi ndi pamenepo. Kuti nditsimikize kuti malowo ndi omwewa, ndinapita kukaima pamene wojambula ayenera kuti anaima, ndipo ndinapeza kuti chimwala chachikulu chimene chikuoneka kumanzere kwa nyumba yaudzuyo chilipobe kuseri kwa khitchini yathu, ndipo nsonga ya phiri la Ndirande ikugwera pamwamba pake penipeni monga m'chithunzimo.

Chithunzi chachiwiri ndicho chinanditengera masiku ambiri. Makoma ndi omwe aja a zidina, koma udzu wachoka, pamwamba pali malata onyezimira. Wojambula analemba mtengo kuseri ndi pensulo m'mashileni, kusonyeza kuti chinajambulidwa kwacha ndi tambala zisanabwere mu 1971. Mayi aang'ono ena amene aima kumapeto avala diresi lolekeza pamwamba pa mawondo, chovala chimene mkazi sakanayenda nacho poyera lamulo la kavalidwe la mu 1973 litakhazikitsidwa. Pakhomo pali mabeseni atsopano ndi wayilesi yoikidwa pampando ngati mlendo wolemekezeka, chizindikiro chodziwika bwino cha mwamuna amene wangotsika kumene kuchokera ku Joni.

M'chithunzi chachitatu, chimene mtengo wake walembedwa m'matambala, nyumba yasintha nkhope. Kutsogolo kwamangidwa zipinda ziwiri za njerwa zootcha ndi khonde la simenti, koma khondelo latha theka, ndipo nsanamira imodzi yaima yopanda denga. Nsanamira imeneyo ndinaipeza ili choncho ndili mwana, ndipo tinkamangapo chingwe choyanikira zovala osadziwa chifukwa chimene inakhalira yokha. Chifukwa chake chili m'mbiri ya dziko. Mu April 1974 ndege ya Wenela, bungwe limene linkatenga anthu kupita nawo ku migodi ya ku Joni, inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana ndi kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo kuchokera ku migodi, ndipo Kamuzu analetsa kulemba anthu ntchito yopita kumeneko. Agogo aamuna anali pakhomo nthawi imeneyo kuyembekezera ulendo wina, ndipo ulendowo utalephereka, simenti inathera pomwepo. Lero anthu ambiri akamatchula Wenela amangoganiza za depoti ya mabasi ya m'tauni muno.

Ndinapitanso ku Mandala, ku nyumba ija inamangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes, imene m'chipinda chake chapamwamba muli laibulale ya Society of Malawi. Kumeneko munthu amaona mmene nyumba za amishoni, za amalonda ndi za boma zinasungidwira m'zithunzi ndi m'mabuku, ndipo tchalitchi cha St Michael and All Angels chimadziwika bwino kuti chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891. Nyumba ngati yathu, yomangidwa pamalo opatsidwa ndi mfumu, popanda pulani yojambulidwa ndi katswiri, mbiri yake inasungidwa ndi eni ake okha, ndipo kwa ife inali m'sutikesi imene chiswe chinali chitayamba kale kuilowa.

Phiri nalonso linandithandiza kusanja zithunzi zotsalazo. M'zithunzi zonse za m'ma 1970 ndi 1980 phiri la Ndirande lili bii ndi mitengo, pamene m'chithunzi chamitundu chimene azimayi ena avala zitenje zachikasu za chisankho cha 1994 layamba kale kuchita dazi. Pa nthawi yomweyo mpanda wa maluwa wasanduka wa njerwa, ndipo pamene panali dimba la agogo pamangidwa tizipinda ta alendi.

Nditasanja zonse ndinakhala pansi ndi azakhali, ndipo mwaulemu ndinawaonetsa kuti nyumbayi inalipo 1964 isanafike, komanso kuti inamangidwa pang'onopang'ono kwa zaka zoposa khumi. Anayang'anitsitsa chithunzi cha malata chija nthawi yaitali, kenako anati, "Mwana wa achimwene, iwe ukuwerenga zidina, koma ife tinkawerenga denga. Malata amenewa bambo anakhoma m'mwezi womwe mbendera yatsopano inakwezedwa, ndipo anthu onse a kuno anabwera kudzaona." Kenako analoza munthu wina amene akuoneka phewa ndi dzanja lokha m'mphepete mwa chithunzicho, atagwira hamala, nandiuza kuti ameneyo anali mlamu wawo wa agogo wochokera ku Chiradzulu, mmisiri amene anakhoma dengalo ndi kulandira jekete la ku Joni monga malipiro ake.

Amisiri amene akusintha dengali ayamba ntchito sabata yamawa. Ndawapempha kuti asagwetse nsanamira ya pakhonde ija, ndiponso kuti pochotsa malata akalewo andisungire limodzi la kutsogolo, limene likuoneka m'chithunzi pamwamba pa chitseko.