Pomwe ndafika ndi ntchito yowerengetsa mawu m'mapepala akale a ku Thyolo

Ndikuwerengetsa mawu pa kompyuta m'mapepala akalewa kuti ndione momwe ankakambira za ntchito ya m'maesiteti a tiyi. Gawo lojambula mapepalawo ndi sikana latha. Mapepala a misonkhano ya mpingo ndi makalata olembedwa pa taipi tsopano ali mu kompyuta, onse pa 300 dpi (muyeso wa kuoneka bwino kwa chithunzi). Mukatsika pamenepo Tesseract, pulogalamu ya OCR yowerenga zilembo pa chithunzi, imayamba kusokoneza "rn" ndi "m". Mapepala ambiri a kuno ali ndi madontho a nkhungu chifukwa cha chinyezi cha chiperoni, ndiye chithunzi chikhale chakuda ndi choyera chokha musanachipereke ku pulogalamu, apo ayi dontho lililonse limasanduka chizindikiro cha koma kapena fulusitopu.

Chatenga nthawi kwambiri ndi AntConc, pulogalamu yaulere yowerengetsera mawu ya Laurence Anthony. Ukangoitsegula osasintha kanthu, imadula mawu pa kachizindikiro ka m'mwamba: ng'ombe imatuluka "ng" ndi "ombe", m'munda "m" ndi "munda", ndipo "m" amakwera pamwamba pa mndandanda ngati mawu ofunika. Mankhwala ake ndi kuwonjezera kachizindikiroko pa token definition, pomwe umauza pulogalamu zilembo zomwe zimapanga mawu. Koma tizindikiroti tilipo tiwiri, kowongoka (U+0027) ndi kopindika (U+2019) kamene Word imaika yokha. Sinthani tonse tikhale ta mtundu umodzi musanawerengetse. Chilembo cha ŵ nachonso chimafuna kuti fayilo isungidwe mu UTF-8, kasungidwe ka zilembo komwe kamachizindikira, ndipo malo ambiri OCR imachiwerenga ngati w wamba, ndiye ndinangosankha w paliponse m'kope lowerengetsera, kope loyambirira n'kulisiya momwe lilili. Zolemba zakale zina zili ndi "c" pomwe lero timalemba "ch", monga cimanga. Apa osasintha mwachisawawa, chifukwa "ch" amene alipo kale asanduka "chh".

Funso langa ndi loti nkhani ya ntchito ya m'maesiteti a tiyi inkatuluka bwanji m'zolembazi. Kufufuza "kuthyola" kokha sikuthandiza, poti anathyola, akuthyola, othyola, zothyoledwa, zonsezi pulogalamu imaziona ngati mawu osiyana. Ndinalemba *thyol* (nyenyezi ikuimira zilembo zilizonse) kuti zigwidwe pamodzi, nambala n'kukwera modabwitsa. Nditayang'ana mizere ya KWIC, yoonetsa mawuwo pakati pa mawu owazungulira, yambiri inali dzina la boma lathu, Thyolo, pamutu pa kalata iliyonse. Regex (kalembedwe kapadera kofufuzira mawu) yakuti thyol(?!o\b) yalichotsa. Kumbali ina "kuthyoka" sikugwidwa n'komwe, ndipo nkwabwino, chifukwa kumeneko akukamba za miyendo ndi milatho osati masamba. Thangata, ntchito yokakamiza ija ya m'maesiteti, ndi wovuta mofananamo: *thangat* imakokanso kuthangata wamba, kuthandizana kwa pamudzi, ndipo apa palibe chidule, mzere uliwonse uwerengedwe ndi maso.

Mndandanda wa mawu ochotsa, oti pulogalamu isawawerengere, ndaulemba ndekha: ndi, kuti, pa, ku, wa, ya, za, cha. Mawu a Chilhomwe omwe akupezeka apo ndi apo ndawasiya, ndangowaika chizindikiro.

Chotsatira ndi kugawa mafayilo zaka khumikhumi, n'kuwerengera pa mawu 1,000 aliwonse, chifukwa mulu wa m'ma 1970 ndi waukulu kuposa wa m'ma 1950 ndipo nambala zosagawa zinganamize.