Lipoti la ulendo wa ku Braamfontein: kusintha mafayilo asanafike ku printa

Loweruka lapitali tinakumana pa renki ya ku Bree Street mu Johannesburg anthu 9 a m'gulu lathu la Amalawi oyendetsa mashopu a intaneti ndi fotokope ku Yeoville, Hillbrow ndi Rosettenville. Tinawoloka Nelson Mandela Bridge wapansi kupita ku Braamfontein, komwe anatiitana achimwene ena a ku Dedza amene amayang'anira makina pa shopu ina yaikulu yosindikizira ophunzira. Ali ndi maprinta 6 a mitundu yosiyana, koma makompyuta onse a makasitomala amatumiza ntchito ku seva imodzi ya Linux yokhala ndi CUPS, pulogalamu yolandira ntchito zosindikiza n'kuzitumiza ku maprinta. Ndalemba izi chifukwa cha anzathu amene sanathe kutseka mashopu tsikulo.

Achimwenewo anayamba ndi kutifunsa zomwe zimatuluka mu kompyuta munthu akadina Print. Ambiri tinati ndi chikalata chomwe chili pa sikirini. Anatsegula chikwatu cha /var/spool/cups, momwe ntchito iliyonse imasiya mafayilo awiri, ya c yosunga malangizo ndi ya d yosunga chosindikizacho, n'kutionetsa zilembo zoyambirira za mafayilo atatu. Imodzi inayamba ndi %PDF, ina ndi %!PS kutanthauza PostScript, yachitatu ndi @PJL, malangizo a pamutu pa ntchito, kenako PCL. PostScript ndi PCL ndi zilankhulo za maprinta. Printa iliyonse ili ndi chilankhulo chomwe imamva. Mukatumiza PostScript ku printa yomva PCL yokha, imaiona ngati mawu wamba n'kuyamba kulavula mapepala ambirimbiri okhala ndi timizere tiwiri tosamveka pamwamba. Ambiri a ife tinataya kale rimu yathunthu motere, n'kumati printa yapenga.

CUPS inalembedwa ndi Michael Sweet, inatuluka mu 1999, ndipo Apple inaigula mu 2007. Ntchito ikafika pa port 631, khomo la pa netiweki lomwe CUPS imalandirirapo, seva imazindikira mtundu wa fayilo potsata malamulo a mu mime.types, kenako imayang'ana mu mime.convs kuti ipeze njira yosinthira fayiloyo kufika pa chilankhulo cha printa. Timapulogalamu tosinthato amatitcha filter, ndipo dzinali ndi loyenera chifukwa timagwira ngati sefa ya ufa: chotuluka mu imodzi chimalowa mu inzake. Pamapeto pali backend, yomwe imangonyamula zotulukazo kupita ku printa, kawirikawiri pa port 9100, kapena 515 kwa makina akale a LPD. Pa 9100 palibe amene amafunsa ngati fayilo ndi yoyenera. Chomwe mwaponya, printa imameza.

Tinakhalitsa pa nkhani ya kukula kwa pepala, chifukwa ndi yomwe imatidyera nthawi tsiku ndi tsiku. Kasitomala amabwera ndi CV kapena fomu yomwe inakonzedwa pa Letter, pepala la ku America la 216 mm ndi 279 mm, pamene mu thireyi muli A4 ya 210 mm ndi 297 mm. Printa imaima n'kupempha Letter, ndipo onse ali pa mzere amadikira. Mu PCL 5 lamulo la Letter ndi ESC &l2A, la A4 ndi ESC &l26A, choncho munthu amakopeka kungosintha nambalayo. Anatichenjeza pa zinthu ziwiri. Choyamba, kusintha nambala sikuchepetsa zolembedwa, ndiye mamilimita 6 a m'mbali akhoza kudulidwa, ndipo pa fomu nthawi zambiri ndi mbali yomwe pali bokosi losainira. Chachiwiri, PCL 6 ndi binary, osati mawu owerengeka, ndipo mukaiyendetsa mu pulogalamu yosintha mawu mutha kuwononga baiti imodzi, printa n'kutulutsa pepala lolembedwa PCL XL error. Njira yawo ndi kukonza fayilo ikadali PDF. Amagwiritsa ntchito Ghostscript ndi zosankha zitatu, -sPAPERSIZE=a4, -dFIXEDMEDIA ndi -dPDFFitPage, zomwe zimakakamiza A4 ndi kuchepetsa tsamba pang'ono kuti likwane. Kusinthira ku PCL kumabwera pambuyo pake. Ine ndikuona kuti ichi chokha chinali chokwanira kulipira ulendo wonse.

Kusindikiza mbali zonse ziwiri amakuika pamutu pa ntchito ndi mzere wa @PJL SET DUPLEX=ON, pambuyo pa chizindikiro cha ESC %-12345X chomwe chimauza printa kuti ntchito yatsopano yayamba. Amayi a ku Rosettenville anafunsa chifukwa chake kwawo mzerewu sugwira. Yankho lake ndi loti lamulo la m'kati mwa PCL limaposa la PJL. Driver ya kompyuta ya kasitomala ikaika ESC &l0S, kutanthauza mbali imodzi, printa imamvera lomalizalo. Pamafunika kukonza zonse ziwiri, apo ayi kulandira PDF yokha kuti seva ndiyo izilemba PCL.

Kenako tinalemba filter yathuyathu, mizere yosakwana 20. Filter imalandira zinthu 5 motsatana: nambala ya ntchito, dzina la wotumiza, mutu wa ntchito, chiwerengero cha makope ndi zosankha. Chachisanu ndi chimodzi, dzina la fayilo, chimabwera nthawi zina. Chikapanda kubwera, filter iziwerenga kuchokera ku stdin, khomo lolowera deta mu pulogalamu. Pagulu lathu awiri anaiwala zimenezi ndipo ntchito yawo inatuluka yopanda kanthu. Zosindikiza zimatuluka pa stdout basi, khomo lotulukira deta. Uthenga uliwonse uzipita ku stderr, khomo lapadera la mauthenga, ndipo uziyamba ndi mawu ngati INFO: kapena ERROR:, chifukwa mukaulemba pa stdout umalowa m'kati mwa fayilo ya printa n'kuiwononga. Fayilo ya filter imakhala mu /usr/lib/cups/filter, mwini wake akhale root, akaunti yoyang'anira seva, chilolezo 755, kutanthauza kuti mwini wake yekha ndiye angailembe. Ikakhala yoti ena angailembe, CUPS imakana kuiyendetsa. Komanso imayenda ngati wogwiritsa ntchito wotchedwa lp, ndiye fayilo ya logo yomwe mwaisunga mu chikwatu chanu cha kunyumba siitha kuiwerenga. Za makope anati tisankhe malo amodzi. Filter ikabwereza tsamba katatu, printa nayonso n'kuuzidwa makope 3, mumatuluka 9.

Chomwe chinatigwira mtima Amalawi ndi chilembo cha ŵ. Printa ya malisiti ya pepala la 80 mm imamva chilankhulo cha ESC/POS, ndipo zambiri zimayamba ndi gulu la zilembo la CP437 lomwe mulibe ŵ. Mu UTF-8, njira yomwe makompyuta ambiri amasungira zilembo, chilembochi ndi mabaiti awiri, C5 ndi B5, choncho pa lisiti dzina la Malaŵi limatuluka ndi timitanda tiwiri tojambulira mabokosi pakati pake. Pulogalamu ya Windows yowerenga ndi gulu la zilembo la 1252 imaonetsa Åµ. Njira yachidule ndi kuyendetsa mawu mu pulogalamu ya iconv ndi chosankha cha //TRANSLIT, ŵ n'kusanduka w. Njira yolemekeza chilembo ndi kusandutsa mzerewo chithunzi cha madontho 576 m'lifupi, womwe ndi muyeso wa maprinta ambiri a 203 dpi (madontho pa inchi), koma lisiti imachedwerako kutuluka. Pa dzina la shopu pamwamba pa lisiti ndikuona kuti chithunzi ndi choyenera, pa mndandanda wa mitengo ayi.

Vuto la masitepe tinangolidutsa mwachangu. Mawu ochokera ku Linux amathera mzere ndi LF yokha, chizindikiro chotsitsa mzere osabwerera kumanzere, printa n'kumayamba mzere uliwonse pomwe wapitawo unathera. Kuika ESC &k2G kumayambiriro kumathetsa.

Pa kulemera kwa mafayilo anatiwerengetsa tokha. Tsamba la A4 pa 600 dpi lili ndi madontho pafupifupi 4960 ndi 7016. Lakuda ndi loyera lokha ndi ma MB opitirira 4 lisanafinyidwe, pamene la mitundu yonse limadutsa ma MB 100. Ndi chifukwa chake printa yotchipa yomwe imadalira kompyuta kuijambulira tsamba imazizira pa Wi-Fi, ndipo printa ya memory yochepa imatulutsa theka la tsamba. Pa manotsi a ophunzira amatsitsa kufika 300 dpi, deta n'kutsika kanayi, ndipo palibe kasitomala amaona kusiyana.

Magetsi akazima printa isanamalize, CUPS ikhoza kuimitsa mzere wonse wa ntchito zodikira, ndipo umakhalabe woima ngakhale magetsi atabwera mpaka mutalemba cupsenable. Iwo anasintha ndi lpadmin, kuika printer-error-policy=retry-job pa printa iliyonse. Seva ndi switch zili pa UPS, batire yothandiza magetsi akazima, koma maprinta a laser ayi, chifukwa chotenthetsera tona chimakoka magetsi ambiri poyaka. Chinthu chikavuta, amayatsa cupsctl --debug-logging, amatumizanso ntchitoyo, amawerenga /var/log/cups/error_log kuona filter yomwe yalephera, kenako amazimitsa kuti disiki isadzaze.

Pomaliza tinabwerera ku chikwatu chomwe tinayambira. Mafayilo a d aja ndi mapasipoti, mapemiti ndi masitetimenti a kubanki a makasitomala athu, ambiri mwa iwo abale athu omwe. Lamulo la POPIA la South Africa, loteteza zinsinsi za anthu, linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 July 2021, ndipo limakhudzanso shopu yaing'ono. Mu cupsd.conf iwo anaika PreserveJobFiles No kuti fayilo izifufutika ntchito ikangotha, ndipo amaitsegula pokhapokha akufufuza vuto. Anatiuzanso kuti okonza CUPS analengeza kale kuti ma driver a PPD ndi mizere ya raw, yotumiza fayilo ku printa osaisintha, zidzachotsedwa, ndiye pogula printa yatsopano tizifunsa ngati imamva IPP Everywhere kapena AirPrint, njira zosindikizira popanda driver.

Tisanabalalike tinagwirizana kuti pa msonkhano wotsatira ku Yeoville aliyense abwere ndi dzina ndi nambala ya printa yake, tsamba la configuration losonyeza zilankhulo zomwe imamva, ndi fayilo imodzi yoyesera yomwe ilibe zinsinsi za kasitomala. Tidzayamba ndi filter ya A4 pa shopu ya ku Hillbrow, chifukwa ndi komwe mafomu a Letter amabwera kwambiri.