Sikolashipu ya mpira ku America siichotsa mwana m'manja mwa zigawenga

Anthu timangoganiza kuti mnyamata akapeza sikolashipu ya masewera ku America basi zake zayera, aaa ayi ndithu. Ena mwa osewera American football m'makoleji amachokera madera ngati Compton ku California komwe magulu a zigawenga otchedwa Crips ndi Bloods amalamula misewu, ndiye mwana akapita kusukulu anzake akwawo samusiya, amamulondola komweko, ena akufuna ndalama ena angofuna kutchukira pa dzina lake.

Mu 2011 atolankhani a Sports Illustrated ndi CBS News anafufuza matimu 25 apamwamba a m'makoleji n'kupeza kuti osewera 7 pa 100 aliwonse anali ataimbidwapo mlandu. Masukulu ambiri sankafufuza n'komwe mbiri ya mwana, bola akhale ndi liwiro.

Ine nkhani imandiwawa ndi ya Aaron Hernandez, yemwe ankasewera American football. Anakulira ku Bristol, Connecticut, bambo ake atamwalira mu 2006 anayamba kuyenda ndi anyamata ovuta, ku University of Florida anawala koopsa, timu ya ligi yaikulu ya New England Patriots inamutenga mu 2010 kenako kontilakiti ya madola 40 miliyoni mu 2012, koma gulu lakwawo lija silinamutaye. Mu 2013 anamangidwa pa mlandu wopha mnyamata wina dzina lake Odin Lloyd limodzi ndi anzake awiri a ku Bristol komweko, 2015 iye anagamulidwa kukhala kundende moyo wonse, 2017 anadzipha m'selo ali ndi zaka 27 zokha. Akundende anali atamulemba m'mabuku awo ngati wa gulu la Bloods.