Takete ndi maluma

Lachitatu. Lero ntchito inali yochepa, ndiye pa nthawi yopuma ndinatenga pepala nkujambula zinthu ziwiri, china chosongokasongoka mbali zonse, china chofewa chozungulira bwinobwino. Kenako ndinayamba kufunsa anzanga mu ofesimo kuti pa ziwirizi takete ndi chiti, maluma ndi chiti? Poyamba amandiyang'ana modabwa, koma ambiri amangoloza chosongokacho kuti ndiye takete, osaganiza nkomwe. Amayi ena achikulire anachita kunena kuti "aaa inu, nanga maluma angakhale ndi minga?" Chonsecho mawu awiriwa satanthauza kanthu.

Masewerawa si anga ayi. Anayambitsa ndi katswiri wa za maganizo wa ku Germany, Wolfgang Köhler, mu 1929, poyamba ankati takete ndi baluma. Mu 2001 akatswiri ena awiri, Ramachandran ndi Hubbard, anawabweretsanso ndi mawu akuti bouba ndi kiki, ndipo pafupifupi aliyense amati kiki ndi chosongoka. Ena amatsutsa kuti mwina anthu amangotengera kaonekedwe ka zilembo, poti k ndi wosongoka pomwe b ndi wozungulira, koma ofufuza ena atakayesa kwa a Himba a ku Namibia, omwe ambiri sagwiritsa ntchito zilembo, yankho linali lomwelo.

Amene anandisangalatsa kwambiri ndi mnyamata wina wogwira ntchito pa kompyuta, iye yekha anakana, akuti maluma ndi chosongokacho basi chifukwa akumva kuluma mkati mwake, ndipo chinthu choluma chimayenera kukhala ndi mano. Tinaseka koma ine ndikuona kuti ali ndi mfundo, khutu lake linathamangira ku Chichewa lisanamve phokoso lenilenilo.

Madzulo onsewa mutu wanga wangokhala pa mvekero, mawu aja omwe kamvekedwe kake kamajambula chinthu chomwe akunena. Mukaganiza bwino ife masewerawa timasewera tsiku ndi tsiku osadziwa. Mwala ukagwera m'madzi akuya timati chubwi, ndipo mu liwu limodzilo muli kugwa, kumira ndi madzi kutsekanso pamwamba, tayesani kulitchula pang'onopang'ono muone mmene milomo ikutsekera pa bwi. Chinthu cholimba chili gwa, liwu lalifupi louma, simungalikoke ngakhale mutafuna. Koma phee mutha kumukoka mpaka mpweya kutha. Chodabwitsa zedi ndi mitundu: psuu, mbee, bii. Kufiira sikumveka m'khutu, nanga zinatheka bwanji kuti tikupatse phokoso, aliyense nkuvomera kuti eya, kufiira kwenikweni ndi psuu?

Clement Doke, yemwe ankaphunzira zilankhulo za Chibantu ku South Africa, ndi amene anawafotokoza mawu oterewa mu 1935. Ndipo si ife tokha, a ku Japan ali nawo ambirimbiri, chinthu chonyezimira amati kirakira pomwe ife timati waliwali, mtima ukamagunda amati dokidoki, ife thi thi thi.

Chimandiwawa nchakuti tikayamba kulemba zinthu zooneka zofunika mvekero timautaya, ngati ndi mawu a ana kapena a nthano basi. Chonsecho "chipinda chinali zii" chikunena zambiri kuposa ziganizo zitatu zofotokoza kuti munalibe phokoso. Mawa ndimutengera pepala lija mwana wa achemwali anga, sanayambe kuwerenga, ndikufuna ndione chala chake chikaloza pati.