Sabata imene mota ya chigayo inafika m'kalasi

Lolemba ndinafika kufakitale kwathu ku Makata 6 koloko isanakwane, tulo tili m'maso chifukwa usiku wonse ndinkalimbana ndi masamu a kusukulu otchedwa Laplace. Ndisanavale n'komwe ovolosi, mnyamata wa kuchigayo chachikulu anabwera akuthamanga. "Achimwene, mota sikuzungulira, ikungolira ngati njuchi." Kulira kumeneko ndikukudziwa. Ndinazimitsa magetsi pa isolator, switchi yodulira magetsi onse a makinawo, n'kukhomapo loko yanga, kiyi m'thumba. Nditatsegula bokosi ndinapeza kuti mbali imodzi ya contactor, switchi imene imalumikiza mota ku magetsi, yapserera, choncho mota inkalandira magetsi pa mawaya awiri okha mwa atatu. Overload, kachipangizo kamene kamadula magetsi mota ikamakoka ochuluka, ikanachedwa kudula, mawaya a m'kati mwa mota akanapsa, ndipo tikanaima masiku angapo tikudikira omanganso mota. Tinasintha contactor, pofika 9 koloko ufa unali ukutuluka.

Ntchito yokonza zamagetsiyi ndaigwira zaka 8 ndi dipuloma ya kusukulu ya ntchito zamanja, ndipo chaka chino ndili m'chaka chachitatu cha digiri ya uinjiniya wa zamagetsi. Masana ndimagwira sipanala, madzulo ndi Loweruka ndimakhala pa desiki.

Lachiwiri ndi limene sindidzaliiwala. Pa kachitsulo ka mota yomweyi panalembedwa kuti imazungulira ka 1,460 pa mphindi. Nambala imeneyi ndaiwerenga kosawerengeka, osafunsa chifukwa chake siikwana 1,500. Madzulo aphunzitsi analemba pa bolodi: magetsi a m'dziko muno ndi a 50 Hz, kutanthauza kuti amapita uku ndi uku ka 50 pa sekondi, ndiye mota ya ma pole anayi (nsonga zinayi za maginito), 120 kuchulukitsa ndi 50 kugawa ndi 4, imapereka 1,500. Liwiro limeneli ndi la mphamvu ya maginito imene imazungulira m'kati. Chitsulo chozungulira cha m'kati mwa mota chiyenera kutsalira m'mbuyo pang'ono, chifukwa chitati chithamange mofanana ndi maginitowo, sipangakhale magetsi oyenda mwa icho, ndipo mphamvu yokoka ingathe. Kutsalirako amakutcha slip. Mtima unagunda, chifukwa kwa anzanga ochokera ku sekondale zinali nambala chabe, koma ine ndinkaona mota yeniyeni, yodzaza ufa, imene ndinaigwira dzulo lake. Ndinamvetsanso chifukwa chake chimanga chikachuluka m'chigayo mota imafooka liwiro n'kuyamba kutentha: slip yakula, ikukoka magetsi ambiri.

M'mawa wa Lachitatu ndinawafotokozera a foromani athu, bambo amene anandiphunzitsa kugwira tesita ndili mwana wa dzulo. Anamvetsera mwachifatse, kenako anati, "Mwana wanga, zimenezo ife timazimva ndi khutu." Sananame. Iwo amadziwa kuti bearing yatha atangodutsa pafupi ndi mota. Koma anandifunsanso kuti ndiwalembere chifukwa chake star-delta, njira yoyatsira mota polumikiza mawaya ake mwa mtundu wa star kenako wa delta, imachepetsa magetsi poyatsa. Ndinajambula pa katoni: mota ikayatsidwa mwachindunji imakoka magetsi kuwirikiza ka 6 kapena ka 7, koma pa star waya uliwonse wa m'kati umalandira mavoti 230 m'malo mwa 400, ndipo zimene ikukoka zimatsika kufika pa gawo limodzi mwa magawo atatu. Katoniyo anaipinda n'kuiika m'thumba la malaya.

Tsiku lomwelo kalasi inandiphonya. Lamba wa makina osokera matumba anaduka nthawi yoweruka, ndipo munthu sungasiye anzako ali pamavuto. Ndinafika kunyumba ku Ndirande ana atagona, mayi a kunyumba atandisungira nsima m'fulasiki. Notsi anandijambulira mnzanga pa WhatsApp. Apa m'pamene pamawawa pa moyo uno: fizi imachokera m'malipiro omwewo a lendi ndi chakudya, ndipo nthawi yowerenga umaibera ana ako.

Lachinayi abwana anandiitana ku ofesi ndi bilu ya magetsi m'manja, kufunsa chifukwa chake gawo la kVA, lolipirira kuchuluka kwa magetsi amene fakitale imakoka, lakwera pamene ntchito sinachuluke. Zaka ziwiri zapitazo ndikanangoti ndikaona. Ulendo uno ndinapita molunjika ku bokosi la ma capacitor, tizipangizo tosunga magetsi kwa kanthawi, ndipo ndinapeza kuti magawo awiri anafa kale, mafyuzi ake ataphulika. Mota zambiri zimagwetsa power factor, muyeso wa gawo la magetsi limene likugwiradi ntchito, ndiye fakitale imakoka magetsi ochuluka kuposa amene akugwiradi ntchito, ndipo ma capacitor ndiwo amabwezeretsa zimenezi. Ndinalemba lipoti la tsamba limodzi lokhala ndi masamu ake. Kanali koyamba kuti abwana andiuze kuti ndikhale pampando tikambirane.

Lachisanu magetsi anazima masana, tinayendera jenereta. Phokoso lake limandikumbutsa chaka cha 2022, pamene namondwe Ana anaononga damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya ma megawatt a magetsi pafupifupi 130. Miyezi imene ija ndinkawerenga ndi tochi ya foni, ndipo m'pamene ndinatsimikiza kuti pulojekiti yanga ya chaka chomaliza idzakhala ya magetsi a dzuwa a m'mafakitale.

Loweruka tinali mu labu kuyambira 8 koloko, kuyeza slip pa kamota kakang'ono. Anzanga a m'gulu anandisiyira kulumikiza mawaya, ine n'kuwasiyira kujambula ma graph pa kompyuta, popeza kumeneko amandiposa. Potuluka ndinapeza uthenga pa foni kuchokera kwa a foromani: Lolemba ndibwere ndi buku langa la kusukulu, akufuna aone chithunzi cha maginito ozungulira.